Kodi anangumi amawawerenga bwanji? Mafunso ndi mayankho pa kafukufuku wa m'gombe la kum'mwera kwa Africa

Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi akamva za nsomba yaikulu amaganiza za kampango kapena bombe. Tsiku limene ntchito yamufikitsa ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town, n'kuona chinthu chakuda chotalika kuposa basi chikugubuduka pafupi ndi miyala, mafunso amangobwera okha. Ena mwa mafunsowo ndi awa.

Kodi nangumi ndi nsomba?

Ayi, ngakhale kuti ambirife tinazolowera kumutchula kuti chinsomba. Nangumi ali ndi mapapo, amavuuka kuti apume, amabereka mwana wamoyo ndipo amamuyamwitsa. Mphuno zake zili pamwamba pa mutu. Chooneka ngati utsi chimene amatulutsa akavuuka ndi mpweya wofunda wochokera m'mapapo. Mchira wake ndi wogona chopingasa ndipo amaukupiza chokweza ndi chotsitsa, pamene chambo amaponya mchira uku ndi uku. Kupumako n'kumene kumathandiza ofufuza, chifukwa nyama imene iyenera kuvuuka pafupipafupi ingathe kuwerengedwa.

Ndi anangumi ati amene amafika pafupi ndi gombe la South Africa ndi Mozambique?

Amene amaoneka kawirikawiri ndi a mitundu itatu. Woyamba ndi amene pa Chingelezi amamutcha southern right. Ndi wakuda, wonenepa, alibe chipsepse pamsana, ndipo pamutu pake pali zotupa zokhakhala zonga njerewere. Wamkulu amatalika mamita 14 kapena 15. Akapuma, mpweya wake umatuluka mogawikana pawiri ngati mphanda, moti wozolowera amamuzindikira ali kutali.

Wachiwiri ndi nangumi wa linunda, uja amamutcha humpback. Ali ndi zipsepse za m'mbali zazitali kwambiri ndipo amakonda kudumpha. Iyeyu amangodutsa m'gombe la South Africa popita ku madzi ofunda a ku Mozambique ndi Madagascar.

Wachitatu ndi Bryde's, amene sasamuka. Amakhala m'madzi a South Africa chaka chonse akutsatira timagulu ta nsomba zing'onozing'ono. Dzina lake linachokera kwa Johan Bryde wa ku Norway, amene anathandiza kukhazikitsa malo ophera anangumi ku Durban mu 1908. Nyamayi inapatsidwa dzina la munthu wa malonda opha anzake.

Amabwera kudzatani kufupi ndi mtunda?

Kudzabereka. M'miyezi yotentha southern right amakhala kutali kum'mwera, kumadzi ozizira a mbali ya Antarctica, kumene amadya tinkhanu totchedwa krill ndi tizamoyo tina tochepa ngati njere ya mpunga. Alibe mano. M'kamwa mwake muli zinthu zazitali zonga chipeso zosefera chakudya m'madzi. Kuyambira cha mu Juni aakazi amafika m'malo abata monga Walker Bay, De Hoop ndi San Sebastian Bay, n'kuberekera m'madzi osaya. Mwana amabadwa ali kale wotalika mamita 4 mpaka 6.

Kwa miyezi itatu kapena inayi imene mayi amakhala kugombe, kwenikweni sadya. Mkaka wonse umene mwana akuyamwa umachokera m'mafuta amene mayiyo anasunga pansi pa khungu. Mafutawo ndiwo nkhokwe yake. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse ya kafukufukuyu yagona pamenepa.

Chinachititsa kuti anthu ayambe kuwawerenga n'chiyani?

Anatsala pang'ono kutha. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, zombo za ku America, Britain ndi France zinkapha southern right m'malo monga Walvis Bay ku Namibia ndi Delagoa Bay, kumene lero kuli Maputo. Ankafuna mafuta ake ndi zosefera za m'kamwa zija. Anali wosavuta kupha: amasambira pang'onopang'ono, amakhala pafupi ndi gombe, ndipo akafa amayandama. Pofika cha m'ma 1920, akatswiri amayerekezera kuti m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa dziko lapansi munatsala pafupifupi 300 okha.

Mayiko anagwirizana zoleka kuwapha mu 1935, koma si onse anasunga pangano. Zombo za Soviet Union zinapha mobisa southern right oposa 3,000 pakati pa 1951 ndi 1971, n'kumapereka malipoti abodza. Chinsinsichi chinaululika mu 1993, wasayansi wa ku Russia Alexey Yablokov atachilankhula poyera. Malo ophera anangumi a ku Durban anatsekedwa mu 1975, ndipo bungwe loona za kupha anangumi padziko lonse, International Whaling Commission, linagwirizana mu 1982 zoimitsa malondawa kuyambira mu 1986.

Lamulo likaikidwa, pamafunika wina woti aone ngati likuthandiza. Mu 1969 wasayansi Peter Best anayamba kuuluka pandege m'mbali mwa gombe la kum'mwera kwa South Africa n'kumawerenga anangumi chaka ndi chaka. Iye anamwalira mu 2015, koma ntchitoyo ikupitirira m'manja mwa nthambi yoona za anangumi ya Mammal Research Institute ya pa University of Pretoria, imene ili ndi ofesi ku Hermanus komweko.

Kuwerengako kumachitika bwanji?

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi imene ana ambiri amakhala atabadwa koma asananyamuke, ofufuza amakwera helikopita n'kutsata gombe kuchokera ku Nature's Valley mpaka ku Muizenberg, kufupi ndi Cape Town. Ulendowu umatenga masiku angapo chifukwa umadalira nyengo. Mphepo ikawomba, mafunde amachita thovu ndipo nangumi saoneka bwino, choncho amadikira.

Akaona mayi ndi mwana wake, helikopita imaima m'malere pamwamba pawo. Wina amalemba malo ndi nthawi, wina amajambula mutu ndi msana wa mayiyo. Nthawi zina amadikira ndithu kuti avuuke bwino, poti mutu ukakhala m'madzi chithunzi chimakhala chopanda ntchito. Anangumi opanda ana amangowerengedwa, kupatula amene ali ndi mawanga apadera.

Kujambula kotereku kunayamba mu 1979. Zimene zimachitika m'ndegemo si zodabwitsa kwenikweni. N'chimodzimodzi ndi mmene amawerengera njovu ku Liwonde kapena ku Kasungu. Chamtengo wapatali n'chakuti achita zimenezi m'njira yomweyo, pamalo omwewo, pa nyengo yomweyo kwa zaka zoposa 40. Kalembera wa chaka chimodzi amangokuuzani kuti alipo angati. Kuti mudziwe kumene mtunduwo ukulowera, pamafunika makalembera ambiri ondondozana.

Anangumi onse amaoneka ofanana. Amamuzindikira bwanji mmodzi payekha?

Ndi njerewere za pamutu zija. Southern right amabadwa nazo pamphuno, pachibwano, pamilomo ndi pamwamba pa maso, ndipo kakhalidwe kake sikafanana pakati pa anangumi awiri, monga mmene zidindo za zala zathu zimasiyanirana. Khungu la pamenepo ndi lotuwa, koma limaoneka loyera chifukwa pamakhala tizilombo tambirimbiri tonga nsabwe, tapachibale ndi nkhanu, todya khungu lakufa. Tizilomboti n'timene timachititsa kuti chizindikirocho chizioneka bwino munthu ali m'mwamba.

Amene anayamba kugwiritsa ntchito njirayi ndi Roger Payne, wasayansi wa ku America, ku Península Valdés m'dziko la Argentina cha mu 1971. Kale ofufuza ankayala zithunzi patebulo n'kumazifananitsa ndi maso, ntchito yolemetsa zikope. Masiku ano kompyuta imayamba yasankha zithunzi zochepa zofanana ndi chatsopanocho, kenaka munthu amatsimikiza. Kaundula wa ku South Africa ali ndi anangumi oposa 2,000 odziwika mmodzimmodzi, ambiri mwa iwo aakazi.

Apa ndiye pali phindu lenileni. Nangumi akakhala ndi nambala yake, mumatha kulemba mbiri yake ngati ya ntchembere ya m'mudzi mwanu: anaoneka ndi mwana chaka chakuti, anabweranso ndi wina chaka chakuti, kenaka anasowa zaka zakuti. Ana ena amabadwa oyera kapena amawangamawanga, moti amatha kuwatsatira kuyambira ali akhanda mpaka iwonso atabereka. Umu ndi mmene anadziwira kuti wamkazi amayamba kubereka ali ndi zaka pafupifupi 8, ndi kuti zinthu zikakhala bwino amabereka kamodzi pa zaka zitatu zilizonse: chaka cha bere, chaka choyamwitsa, chaka chopuma ndi kudzaza nkhokwe.

Nangumi wa linunda amamuzindikira ndi kunsi kwa mchira, kumene kuli mawanga oyera ndi akuda ndiponso m'mphepete mwa manomano. Amautukula akamamira, ndipo wojambula amakhala ndi kamphindi kochepa chabe.

Sangaone onse. Ndiye chiwerengero cha mtundu wonse amachipeza bwanji?

Amagwiritsa ntchito masamu a kuonananso. Tingoyerekeza: chaka chino mwajambula anangumi 100. Ulendo wotsatira mwajambulanso 100, ndipo 20 mwa iwo ndi aja munawaona kale. Zikatero, amene munawajambula poyamba ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a gulu lonse, kutanthauza kuti alipo pafupifupi 500. Masamu enieni ndi ovuta kuposa apa, chifukwa ayenera kuganizira za amene amwalira, amene angobadwa, ndi aakazi amene amabwera kugombe pa zaka zimene ali ndi mwana zokha. Ndiye mukamva chiwerengero cha anangumi, dziwani kuti ndi choyerekezera mosamala, osati chowerenga mitu ngati mbuzi polowa m'khola.

Nanga alipo angati tsopano?

A ku South Africa okha anayerekezeredwa kuti anali opitirira pang'ono 6,000 cha m'ma 2016 mpaka 2020, ndipo kwa zaka zambiri ankawonjezeka ndi pafupifupi 6 kapena 7 pa 100 alionse pachaka. Powerengera pamodzi ndi a ku Argentina, Brazil, Australia ndi New Zealand, southern right anali pafupifupi 13,600 mu 2009. Kuchoka pa 300 kufika pamenepa ndi nkhani yabwino ndithu, koma akadali ochepa poyerekeza ndi mmene analili asanayambe kuphedwa.

Malo ena akale sanadzazidwebe. Ku Maputo ndi ku Walvis Bay, kumene zombo zinkadzaza migolo ya mafuta, lero amangooneka apo ndi apo. Mwana amaphunzira njira kwa make pa ulendo wake woyamba, ndipo akakula amabwerera kumene anabadwira. Amayi onse odziwa gombe lina akaphedwa, njira yopita kumeneko imafera nawo limodzi, monga mudzi umene watha n'kusanduka bwinja.

Ndinamva kuti chaka china amabwera ambiri, chaka china ochepa kwambiri. Chikuchitika n'chiyani?

Ili ndiye funso limene likusowetsa tulo ofufuza. Mu 2016 ndege inapeza amayi a ana 55 okha. Mu 2018 inapeza 536. Mu 2020 anatsikanso osafika 100, kenaka mu 2023 anaposanso 500. Wongowerenga mitu ya nkhani akanati mu 2016 anangumi atha, n'kuti mu 2018 achira. Mfundo zonse ziwiri zikanakhala zolakwika.

Yankho linapezeka m'kaundula wa zithunzi uja. Kuyambira cha m'ma 2010, amayi ambiri odziwika analeka kubereka pa zaka zitatu zilizonse n'kuyamba kudikira zaka zinayi kapena zisanu. Kale aakazi anali ngati agawika m'magulu atatu obwera mosinthana, ndiye chiwerengero cha pachaka chinkakwera bwinobwino. Ena atayamba kuchedwa, maguluwo anasokonezeka: chaka china amakumana onse, chaka china gombe limakhala mbee. Amayiwo sanafe ayi. Akungotenga nthawi yaitali kuti apeze mphamvu zoberekeranso.

Pali chizindikiro china. Anangumi opanda ana, kutanthauza aamuna ndi aakazi amene akupuma, kale ankabwera mazanamazana kugombe, koma kuyambira nthawi yomweyo achepa kwambiri. Zikuoneka kuti amene alibe chifukwa chomukakamiza kubwera akumasankha kutsalira kumene kuli chakudya.

Zonsezi zikuloza ku njala. Krill amadalira madzi oundana a ku Antarctica, chifukwa ali aang'ono amabisala ndi kudya ndere za kunsi kwake. Madzi oundanawo akasintha, krill amasamuka kapena kuchepa. Choncho mayi woonda amene akusambira pa De Hoop akupereka lipoti la nyanja ina yakutali makilomita masauzande, kumene anthu ochepa kwambiri amafikako. Kunena zoona, n'chifukwa chake kafukufukuyu ndi wofunika ngakhale kwa munthu amene alibe nazo ntchito za anangumi.

Amadziwa bwanji kuti nangumi waonda? Amamuika pasikelo?

Sikelo yake ikanachokera kuti? Amagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera pamwamba penipeni, masiku ano ndi ma drone. Amayeza utali wa nangumi ndi kukula kwa thupi lake m'malo angapo, n'kuwerengetsa kunenepa kwake. Gulu lotsogoleredwa ndi Els Vermeulen linafananitsa zithunzi za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi za cha m'ma 2020, n'kupeza kuti kunenepa kwa amayi kwatsika ndi pafupifupi 23 pa 100. Onani kuti zithunzi zakalezo anazijambula anthu amene sankadziwa kuti tsiku lina zidzagwira ntchito imeneyi.

Nanga zimene wadya amazidziwa bwanji?

Amalasa nangumi ndi kamuvi kokhala ndi kachubu kumapeto, kamene kamabudula kachidutswa ka khungu ndi mafuta kochepa ngati nsonga ya chala, n'kugwera m'madzi kuti akatole. Khungulo limaulula zambiri: ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ubale wake ndi ena, ndiponso chigawo cha nyanja kumene wakhala akudya, chifukwa madzi a kum'mwera kwenikweni ndi a chakumpoto amasiya zizindikiro zosiyana m'thupi. Mafuta amasonyeza ngati ali ndi bere. Poyerekeza khungu la m'ma 1990 ndi la m'ma 2010, ofufuza anaona kuti anangumi a ku South Africa ayamba kudya chakumpoto ndiponso zakudya zosiyanasiyana kuposa kale. Nyama imene yakhuta siyendayenda kufunafuna ndiwo zachilendo.

Ena amatola ndowe zoyandama, ena amaulutsa drone kudutsa mu mpweya umene nangumi watulutsa kuti atape timadontho take.

Akachoka kugombe amapita kuti?

Kale ankangodalira mabuku a zombo zopha anangumi, mmene munkalembedwa malo amene aphera. Tsopano amabaya kachipangizo m'mafuta a pamsana, kamene kamatumiza uthenga ku setilaiti nangumi akavuuka. Anangumi amene anaikidwa tizipangizoti ku South Africa kuyambira mu 2021 analowera kosiyanasiyana: ena kum'mwera kufupi ndi madzi oundana, ena kum'mawa cha ku zilumba za Crozet, ena anayamba akadya kaye kugombe la kumadzulo kwa South Africa komweko. Wamkazi wina anawoloka nyanja ya Atlantic mpaka kukafika kugombe la Argentina, ulendo wa makilomita oposa 15,000. Izi zinasonyeza kuti magulu amene anthu ankawaona ngati osiyana amayenderana.

Kodi kulasa ndi kubaya kumeneku sikuwapweteka?

Kamuvi kotengera khungu nthawi zambiri kamangomudzidzimutsa, kenaka amapitiriza zimene amachita. Kachipangizo ka setilaiti ndi nkhani ina, chifukwa kamalowa mkati ndipo kamasiya bala limene limatenga nthawi kupola. N'chifukwa chake amaika pa anangumi ochepa, ndi chilolezo cha boma ndi cha makomiti oona za kasamalidwe ka nyama. Kudandaula za zimenezi si kulakwa, ndipo asayansi eni ake amatsutsana za kuchuluka kwa tizipangizo toyenera kuikidwa.

Anangumi a linunda opita ku Mozambique amawawerenga chimodzimodzi?

Ayi, awa amawawerengera pamtunda. Ku Cape Vidal, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, madzi akuya ali pafupi ndi gombe, ndiye anangumi opita kumpoto amadutsa mothinana ngati ng'ombe panjira ya kudibi. Ofufuza amamanga nsanja pamwamba pa milu ya mchenga n'kukhala pamenepo tsiku lonse kwa milungu ingapo pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndi chipangizo chonga cha anthu oyeza malo, n'kumalemba gulu lililonse, liwiro lake ndi kutalika kwake kuchokera kumtunda. Ken Findlay anayambitsa ntchitoyi mu 1988 mpaka 1991, inabwerezedwa mu 2002, kenaka mu 2018 ndi 2019. Gulu limene linatsala mazana ochepa chabe pamene kupha anangumi a linunda kunaletsedwa mu 1963 linayerekezeredwa mu 2018 kuti laposa 30,000. Amenewa ndi amene asodzi a ku Inhambane, Bazaruto ndi Pemba amawaona akudumpha ndi ana awo.

Kugombe la kumadzulo kunachitika china chachilendo. Kuyambira mu 2011, pakati pa St Helena Bay ndi Cape Point, kunayamba kuoneka magulu a anangumi a linunda 20 mpaka 200 akudyera pamodzi cha mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene ambiri amayembekezeka kukhala paulendo wa ku Antarctica. Nyama imene kawirikawiri imayenda iwiri kapena itatu inayamba kuchita msonkhano.

Ndi zoona kuti anangumi amaimba?

Aamuna a linunda amaimba, makamaka nyengo yokwerana. Nyimbo yawo ili ndi zigawo zobwerezabwereza ndipo amatha kuimba kwa maola. Onse a gulu limodzi amaimba nyimbo imodzi, imene imasintha pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, a kum'mawa kwa Australia anataya nyimbo yawo n'kutengera ya a kumadzulo m'zaka ziwiri zokha, monga achinyamata a m'mudzi amene abwerako kutauni ndi kavinidwe katsopano.

Mawuwa ndi chida cha kafukufuku. Ofufuza amamiza zojambulira mawu pansi pa nyanja kwa miyezi yambiri, ndipo zimamva usiku, pa mkuntho, ndi kutali kumene ndege singafike. Mwanjira imeneyi anadziwa kuti blue whale, nangumi wamkulu kuposa onse, amamveka kumadzulo kwa South Africa ngakhale kuti saonekaoneka. Mu 2021 asayansi a ku Australia analengeza za gulu la anangumi a mtunduwu limene silinkadziwika kufupi ndi zilumba za Chagos, atamva mawu ake pa zipangizo zimene zinaikidwa kuti zizimvetsera mabomba a nyukiliya.

Amakhala ndi moyo zaka zingati?

Kafukufuku wa mu 2024, wogwiritsa ntchito kaundula wa ku South Africa yemwe uja, anayerekezera kuti theka la southern right aakazi amapitirira zaka 73, ndipo mmodzi pa 10 alionse angapitirire zaka 130. Ndiye n'kutheka kuti ena amene akusambira lero anapulumuka zombo za Soviet Union.

Popeza sakuphedwanso, chikuwaopseza n'chiyani?

Kupatula njala ija, choyamba ndi zingwe. Misampha ya nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja imakhala ndi zingwe zokwera pamwamba, ndipo nangumi akakodwa amazikoka kwa milungu, zikumucheka mpaka kufooka. Ku KwaZulu-Natal amakodwanso m'maukonde otchingira shaki. Mu 2019, anangumi atakodwa ndi kufa m'zingwe za misampha ya octopus (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) ku False Bay, nduna ya zachilengedwe ya panthawiyo, Barbara Creecy, inaimitsa usodziwo kwa kanthawi mpaka zida zitasinthidwa. Kuyambira mu 2006 pali gulu lophunzitsidwa kumasula anangumi okodwa, South African Whale Disentanglement Network. Ntchito yake ndi yoopsa, chifukwa mchira wa nangumi wovutika ungagubuduze bwato.

Chachiwiri ndi zombo. Kuyambira kumapeto kwa 2023, zombo zambiri zinaleka kudutsa ku Red Sea chifukwa cha ziwembu n'kuyamba kuzungulira ku Cape, m'madzi momwe anangumi amadyera. Chachitatu ndi phokoso. Ofufuza mafuta ndi gasi amaphulitsa mpweya m'madzi usana ndi usiku kuti aone za pansi pa nthaka, pamene nangumi amadalira makutu kuposa maso. Mu Disembala 2021 khoti la ku Makhanda linaimitsa kafukufuku wotere wa kampani ya Shell ku Wild Coast, anthu a m'midzi ya kumeneko atadandaula.

Munthu wamba angathandizepo chiyani?

Ngati mwajambula bwino kunsi kwa mchira wa nangumi wa linunda, mungatumize chithunzicho pa Happywhale, tsamba la pa intaneti limene limachifananitsa ndi zithunzi za padziko lonse n'kukuuzani kumene nangumiyo anaonekapo. Musachione chopepuka. Wamwamuna wina amene anajambulidwa ku Colombia mu 2013 ndi 2017 anadzajambulidwanso ku Zanzibar mu 2022, pamtunda wa makilomita oposa 13,000, ndipo zinadziwika chifukwa cha zithunzi zotumizidwa chonchi.

Mukaona nangumi wokodwa, imbirani a National Sea Rescue Institute, bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku South Africa, musalowe m'madzi kukadula zingwe nokha. Mukapeza wakufa pagombe, dziwitsani akuluakulu a tauniyo. Ofufuza amafuna kumuyeza ndi kutengapo zina, ndipo nyama yake si ndiwo, chifukwa simudziwa chimene chamupha. Lamulo la South Africa limaletsa kuyandikira nangumi pamtunda wochepera mamita 300 popanda chilolezo, kaya muli pabwato, mukuulutsa drone kapena mukusambira.

Ndikafuna kuwaona ndi maso, ndipite liti ndipo kuti?

Southern right amayamba kufika mu Juni ndipo amachuluka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Ku Hermanus simufunika bwato kapena tikiti. Pali kanjira ka pamwamba pa matanthwe kotsata gombe, ndipo chigawo china cha Walker Bay chimatsekedwa kwa mabwato kuyambira Julayi mpaka Novembala kuti amayi ndi ana asasokonezedwe. Ku De Hoop kumakhala ambiri koposa, koma kumeneko ndi kumalo otetezedwa olipira pachipata. Amene muli ku Durban kapena ku Mozambique, yang'anani a linunda kuyambira Juni mpaka Novembala. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, ndipo yambani mwafufuza ka utsi kaja musanafufuze thupi. Ku Hermanus mukamva kulira kwa lipenga, musadabwe: kuyambira mu 1992 tauniyo ili ndi munthu wolembedwa ntchito yoyendayenda ndi lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja, kudziwitsa anthu mbali imene nangumi wavuukira.